Tayamika ndi Tsiku Lometa

Mutu Wachisanu ndi Chiwiri

1. Pangano la anyamata

Mu mzinda wonse wa Perth munalibe mnyamata wa tsitsi ngati la Tayamika. Linali litatha chaka osaona lumo, lakuda bii, lotambalala ngati mtengo wa mango. Akakwera sitima ku Rockingham, ana ankasiya mafoni awo n'kumamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Kuntchito chipewa chinkangotera pamwamba ngati njiwa.

Sikuti ankadzikongoletsa ayi. Tsitsi limenelo linali pangano.

Tayamika anabwera ku Australia ndi makolo ake ali mwana wamng'ono. Anzake a ku Malawi ndi a ku Zambia atatengeka ndi mpira wa miyendo, iye anakondana ndi hoke ya pa ayezi. Amene sanawaone masewero amenewa asatsutse. Anthu amavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi n'kumauluka pa madzi oundana, akulimbirana kachimbale kakuda ndi ndodo zopindika. Liwiro lake minibasi ya ku Mchinji ingachite manyazi. Tayamika anali goloboyi, ndipo anali dolo moti koleji ya Maple Ford ku Minnesota, m'dziko la America, inamuitana kuti azikaphunzira uku akutchinga pagolo.

Ku Minnesota ndiye kwawo kwa chisanu. Munthu wa ku Dedza akamakuuzani kuti kwawo kumazizira, ingomusekani. Kumeneko mamina amauma asanafike pamlomo.

Makoleji asanu ndi atatu a chigawo chimenecho amasewera ligi nyengo yonse, ndipo mwezi wa Malichi amalimbirana chikho. Apo palibe zoti tidzabweza mawa. Ukagonja, wanyamula zikwama. M'chaka cha 2020 timu ya Tayamika, yotchedwa Akadzidzi, inali itafika mu semifainolo pamene matenda a korona anabuka. Mpikisano unathetsedwa. M'chipinda chovalira, kaputeni wawo Greyson anakwera pa benchi maso ali psuu.

"Palibe ameta," anatero. "Tsitsi kaya ndevu, palibe ameta mpaka titanyamula chikho, kapena mpaka anthu atatigonjetsa pa ayezi. Matenda sangatitulutse mu mpikisano."

Anyamata onse anasanjikiza manja. La Tayamika linali pakati.

Anabwerera ku Perth akuyesa tchuthi chachifupi. Koma malire a dziko anatsekedwa. Bambo ake, a Lenard, anali atapita ku Mponela kukafolera nyumba yawo, ndipo anatsekeredwa komweko. Koleji itatsegulanso, mayi ake, a Margreth, amene anali namwino, anakana kwamtuwagalu.

"Mmodzi ali kale kunja kwa mpanda," anatero. "Wachiwiri ayi."

Choncho anzake anabwerera pa ayezi, iye akuphunzira pa kompyuta ndi kunyamula makatoni kwa malume ake ku Kewdale. Anzakewo sanamuiwale. Ankapachika jezi yake pa benchi, ndipo masewero akatha Greyson ankamuimbira foni ya vidiyo, onse n'kuvula zipewa kuonetsana tsitsi. Pa zonse za timu, chomwe chinamutsalira Tayamika chinali chimenecho.

Kumayambiriro kwa Malichi 2021, Akadzidzi akulowanso mu mpikisano wa chikho, foni inalira kuchokera ku Mponela. A Lenard sanadwale nthawi yaitali. Mkazi wawo ndi mwana wawo yekhayo anaonera maliro pa foni, atakhala pa sofa, netiweki ikudukaduka.

2. Mawu a malume

Lachisanu masana a Paterson, mlongo wa a Margreth, anamuitana Tayamika mu ofesi yawo ku Kewdale. Panja mathiraki anali kulira, sitima ya katundu ikugunda mabogi.

"Tseka chitseko, mphwanga. Mawa tikumeta maliro. Azakhali ako a Emelda asonkhanitsa abale ku Mponela m'mamawa. Kuno dzuwa lidzakhala lili paliwombo. Tidzameta pamodzi, foni ili pakati."

Tayamika anagwira tsitsi lake ndi manja onse awiri. Chichewa chake chinali cha lilime lolemera, ndipo akapanikizika Chingerezi chinkatulukira chokha.

"Malume, please. Mawa m'mawa ndi semifainolo. Tikawina, fainolo ndi Sunday. Ndipatseni tsiku limodzi lokha."

A Paterson anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo.

"Khala pansi. Ine ndayenda, mphwanga. Ndayendetsa thiraki kuchoka ku Beira mpaka ku Lubumbashi. Ndatsuka mbale ku Leeds. Ndagona pa bwalo la ndege ku Dubai nditatsamira nsapato zanga. Ndinafika pa Perth pano ndi kachikwama kamodzi, koma lero suzumira pawindo, mathiraki onsewo alembedwa dzina langa. Ndiye usandione ngati munthu wosadziwa za timu. Pangano ndimalidziwa. Munthu wosasunga pangano ine sindimulemba ntchito.

"Koma tamvera. Bambo ako sitinawasambitse. Bokosi lawo sitinalinyamule. Dothi sitinaponye. Anawaika anthu ovala mapulasitiki, ife tikuyang'ana kagalasi ngati tikuonera filimu. Tsono chatsala n'chiyani choti thupi lako liwachitire bambo ako? Ndi mutu wakowo basi.

"Ukudziwa chifukwa chake timameta tsiku limodzi? Si lamulo la tchalitchi, ndipo abusa sadzakufunsa. Timameta pamodzi kuti tsitsi limerenso pamodzi. Mwezi wamawa la mayi ako kuno ndi la azakhali ako ku Mponela lidzakhala msinkhu umodzi. Munthu akadziyang'ana pagalasi amadziwa kuti sakulira yekha. Tsitsi likamakula, chisoni chimanka chichepa, kwa tonse nthawi imodzi. Wometa mawa lake sanamete maliro. Wangopita ku babashopu.

"Mapanga awiri avumbwitsa, mphwanga. Anzako Akadzidziwo, ndipo dzina lokhalo ine likundidzidzimutsa, adzamaliza sukulu, adzakwatira, adzachita dazi. Chikho chimabwera chaka ndi chaka. Bambo amamwalira kamodzi."

Tayamika anayang'ana pansi. "Iwo aja ndi okhawo amene akundidikira, malume. Ku Mponela sakundidziwa n'komwe."

A Paterson anavalanso magalasi awo.

"Ndiye mawa akudziwe," anatero. "Ine sindidzakugwira, ndiwe wamkulu. Mpando udzakhala pakhonde."

3. Chigoli chimodzi

Kukakhala madzulo ku Minnesota, ku Perth kumakhala kutacha kale tsiku lotsatira. Loweruka m'mawa Tayamika anakwera sitima kupita ku bwalo la ayezi kumene anaphunzirira hoke. Mnzake Jabez, mnyamata wa ku Lusaka, ankagwira ntchito kumeneko, kuyendetsa chigalimoto chosalaza ayezi. Anali atalumikiza kale kompyuta ku kanema wa mu kantini.

"Mudala, osadandaula," anatero Jabez akumupatsa khofi. "Bakaluza, pangano yasila, uyenda kumeta na mutima umozi. Bakawina, manje apo ni nkhani."

"Tiwina," anatero Tayamika.

Bwalo la ku America linalibe anthu. M'mipando munali zithunzi za makatoni za anthu omwetulira amene sankaphethira. Koma Akadzidzi atatulukira, Tayamika anaimirira osadziwa. Greyson ndevu zinali zitafika pachifuwa. Jethro, goloboyi amene anatenga malo ake, tsitsi linali kutuluka kuseri kwa chipewa ngati mchira wa hatchi. Pa benchi panali jezi yopanda mwini.

"Iyo!" anakuwa Jabez. "Jezi yako iyo, mudala!"

Tayamika maso anali pa kanema. Mawondo ake anali kupindika okha, dzanja lamanzere likuwakha mphepo nthawi iliyonse imene kachimbale kalunjika kwa Jethro. Ankamva m'mphuno fungo la chipinda chovalira, la thukuta ndi tepi yomatira ndodo. Ankadziwa nyimbo imene anzakewo anaimba asanatuluke. Ankadziwanso malo a pa ayezi imeneyo pamene kachimbale kamadumpha mosayembekezeka. Zonse ankazidziwa, koma anali ku tsidya lina la dziko, atagwira kapu ya pepala.

Adani awo, a jezi zobiriwira, anayamba kugoletsa. Akadzidzi anabweza, n'kuwonjezera china. Kutatsala pang'ono kuti masewero athe, obiriwira anabwezanso. Ziwiri kwa ziwiri.

Mu mpikisano wa chikho mulibe kufanana mphamvu. Amawonjezera nthawi, ndipo woyamba kugoletsa ndiye wapambana, ngakhale asewere mpaka miyendo itakana. Anyamatawo anasewera, napuma, nasewera. Panja dzuwa la Perth linali kukwera. Foni ya Tayamika inanjenjemera pa tebulo. Anali malume ake. Anaitembenuza chafufumimba.

Mwadzidzidzi wosewera wa obiriwira analanda kachimbale pakati pa bwalo n'kuthamanga yekha. Kutsogolo kwake kunali Jethro basi. Anakweza ndodo.

"Lowa!" anakuwa Tayamika.

Kachimbale kanamenya chitsulo cha golo, ngwee, n'kubwerera.

Jabez anatembenuka pang'onopang'ono. "Iwe. Uchemelela ndani?"

Tayamika anakhala pansi ngati wamenyedwa. Chaka chonse anasunga pangano, lero pakamwa pake pomwe panapempha kuti anzake agonje, kuti iye amasuke osasankha. Anaphimba nkhope ndi manja, ndipo chigoli chenichenicho sanachione. Anangomva Jabez akugubuduza mipando.

"Greyson! Greyson, mudala! Fainolo!"

Pa kanema Akadzidzi anali ataunjikana pa ayezi, zipewa zili mbwee, tsitsi lili balala. Mmodzi anathamangira ku benchi, natenga jezi yopanda mwini ija n'kuitambasula patsogolo pa kamera.

"Manje mvela," anatero Jabez atapuma. "Nkhala pano. Zimya foni. Mailo fainolo, pa Mande umeta. Bamalume bazakalipa, bazaleka. Ona, ayezi ilibe bantu. Vala nsapato, nikuchaile ma shoti."

Tayamika anapita pa khomo la bwalo. Ayezi inali yosalala, yoyera mbee, ikufuka kautsi kozizira. Anaigwira ndi chikhato mpaka zala zinachita dzanzi. Kenako anatola chikwama chake.

"Kubisala ayi," anatero. "Ndikawapempha amayi. Iwo andimvetsa."

4. Mpando wa pakhonde

Kunyumba ku Rockingham magalimoto anali atadzaza msewu. Amayi a kutchalitchi, ambiri a iwo anamwino ongoweruka kumene, anali atayala zitenje pa kapinga akuimba chapansipansi. Pakhonde panali mpando, beseni la madzi, sopo ndi malezala atsopano. A Paterson mutu unali kale mbee, ukuwala ngati galasi la thiraki.

"Wabwera," anatero. "Awina?"

"Awina, malume."

"Hmm. Kadzidzi ndi kadzidzi basi. Saimba pa nthawi yabwino."

Foni yaikulu inali itatsamiritsidwa pa tebulo. M'kati mwake munali Mponela, dzuwa litangotuluka, tambala akulira. Abale anali atakhala pa mikeka kutsogolo kwa nyumba ya njerwa zootcha. Malata ake anali atsopano, akuthwanima. Tayamika anali asanaionepo nyumbayo itafoleredwa. Mbali imodzi mawindo anali asanaikidwe magalasi.

Mayi wina wamtali anayandikira foniyo mpaka nkhope yake inadzaza galasi lonse.

"Ameneyo ndi Tayamika? Mayo ine! Mphumi ya Lenard yeniyeni. Mwanawe, ndine azakhali ako. Unachoka ukuyamwa chala. Nanga chitsitsi chonsecho, ku Australia kulibe lumo?"

Anthu anaseka ku Mponela, anasekanso ku Rockingham, kuseka konyowa ndi misozi.

"Tikudikira iwe," anapitiriza a Emelda. "Ine ndameta, malume ako ameta, mayi ako akumeta tsopano. Koma ana onsewa sangayambe mwana wa malemu asanakhale pampando. Bambo ako ankati chipinda cha kum'mawachi ndi chako. Ankati aikamo chithunzi chako uli m'zovala za chilombo zija."

Tayamika anatembenukira kwa mayi ake. A Margreth anali atakhala kale pampando, atamasula zingongo zawo. Mayi wina wachikulire wa kutchalitchi anawapaka sopo n'kuyamba kumeta. Tsitsi linkagwera pa chitenje mwakachetechete. Tayamika anali asanaonepo mutu wa mayi ake uli wopanda kanthu. Unali waung'ono, ngati wa mwana.

Atamaliza, a Margreth anaimirira. Tayamika anagwada pafupi nawo.

"Amayi, anzanga awina. Mawa ndi fainolo. Ndimati ndikupempheni..."

"Achemwali, musamumvere," anadula a Paterson. "Dzulo ndamuuza zonse."

A Margreth anakweza dzanja.

"Achimwene, musamukakamize. Mwanayu ndinamuletsa ulendo ndine. Anzake ali pa ayezi lero, iye akunyamula makatoni, chifukwa cha mantha anga. Sanandinyoze, sanandiyankhe mwano. Usiku ndimamumva akuonera masewero akale m'chipinda mwake, ndipo ndimadziwa chimene ndinamulanda. Sindimulandanso china."

Anatembenukira kwa mwana wawo, namugwira tsitsi lija mofatsa ngati akuyesa kulemera kwake.

"Bambo ako ankalikonda. Ankati ndikuonetse pa foni kuti aone pamene lafika. Ukalisunga mpaka mawa, ine sindikwiya. Ndiwauza azakhali ako kuti ana ayambe. Chisoni changa ndichinyamula, ndazolowera kunyamula odwala olemera."

Anatenga duku kuti amange kumutu, koma nsaluyo inawapulumuka n'kugwa pansi. Tayamika anaitola. Anayang'ana mutu wa mayi ake, nayang'ana wa malume ake, nayang'ana mu foni muja, mmene ana a msinkhu wake amene sankawadziwa mayina anali atakhala pamzere, akumudikira.

Anawapatsa mayi ake duku, napita kukakhala pampando.

"Malume," anatero, "mumete ndinu."

A Paterson anatsokomola kawiri. "Lezala silingalowe m'nkhalango imeneyi. Bweretsani sizasi. Ine ndinametapo nkhosa ku Katanning, koma izi zaposa."

Sizasi inalira. Tsitsi la chaka chathunthu linayamba kugwa m'mapewa, m'miyendo, pa chitenje. Ku Mponela mnyamata woyamba anakhala pa mpando wake, ndipo amayi a mbali zonse ziwiri anayamba nyimbo imodzi, a uko akutsalira pang'ono chifukwa cha netiweki. Tayamika analira. Sanalire pa tsiku la maliro, pa sofa paja, koma apa analira mpaka sopo anasakanikirana ndi misozi, ndipo palibe anamuletsa.

Atatha, mphepo ya kunyanja inamukhudza pamutu. Kunali kotentha, koma iye anamva kuzizira.

"Tsopano takudziwa," anatero a Emelda.

5. Foni ya Greyson

Anthu ali m'kati motsuka malezala, foni ya m'thumba mwa Tayamika inayamba kulira. Anaitulutsa. Anali Greyson, pa vidiyo. Ku Minnesota anyamata anali asanagone, akudikira goloboyi wawo wa kutali kuti avule naye zipewa.

A Paterson anasuzumira pa foniyo. Anakanda mutu wawo wosalala, kenako anathamangira ku galimoto n'kubwera ndi chipewa chachikulu cha ubweya chimene madalaivala awo amavala m'zipinda zoziziritsira katundu.

"Vala ichi, mphwanga," ananong'ona. "Tiikamo masokosi chitukuke. Uwauze kuti uli ndi chimfine, sungavule. Mawa akanyamula chikho udzawauza. Ine ndadutsa malire ambiri, ndikudziwa kuti si katundu yense amene umamuonetsa pa geti."

"Achimwene!" anatero a Margreth. "Dzulo lomweli mumati chiyani za pangano?"

"Ndikuthandiza mwana, achemwali. Akawauza lero, awafooketsa. Akagonja mawa adzati ndi iyeyu."

Mawu amenewo anali oona, ndipo Tayamika anadziwa. Osewera hoke amakhulupirira malodza otere kuposa mmene amakhulupirira aphunzitsi awo. Foni inali kulirabe m'dzanja lake lamanja, chipewa chili kumanzere.

Anachiika chipewacho pa mpando, nayankha.

Phokoso linatuluka mu foni ngati msika. Nkhope zambirimbiri za ndevu zinali kukankhana kuti zikwane pagalasi, zikuimba dzina lake. Jethro anali kupukusa tsitsi lake ngati wavina. Greyson anali patsogolo, atavala jezi ya Tayamika chotembenuza, dzina lili kutsogolo.

"Taya! Waona? Fainolo, m'bale wanga! Tiyeni anyamata, zipewa pansi! Taya, tionetse nkhala..."

Greyson anali ataona mutu wometawo. Nyimbo inazima mmodzimmodzi, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, mpaka m'chipinda chonsecho munangotsala kulira kwa firiji.

Greyson anayandikitsa nkhope yake pagalasi.

"Taya," anatero motsitsa, "wachita chiyani?"